Mafunso ndi mayankho: kufunsira malo a MBA muli ku Mangochi

Chimalizireni MBA yanga, sipatha mwezi osalandira uthenga pa WhatsApp wa munthu wofunsa poyambira. Ena ndi a m'mabanki kuno ku Boma, ena ndi a m'maloji a ku Nkopola ndi ku Monkey Bay, ena ndi a kukhonsolo, ndipo ena ndi anthu amene digiri yawo anaisunga m'sutikesi n'kuyamba kutumiza usipa ku Limbe. Mafunso awo amafanana, n'chifukwa chake ndawasonkhanitsa pano. Ine ndimagwira ntchito yowerengera ndalama pa loji ina ya m'mphepete mwa nyanja, ndipo ndinaphunzira ndili pa ntchito, n'kumapita ku Blantyre kumathero a sabata. Fizi ndi masiku otsekera kulandira mafomu zimasintha chaka ndi chaka, choncho zimenezo muziziona pa chilengezo cha sukulu imene mukufunayo.

Achemwali, MBA imeneyi kwenikweni n'chiyani? Ikusiyana pati ndi masters ina?

Ndi digiri yachiwiri ya kayendetsedwe ka bizinesi ndi mabungwe, ndipo dzina lake lonse ndi Master of Business Administration. Masters ya akaunti kapena ya zachuma imakulowetsani pansi m'phunziro limodzi, ngati munthu wokumba chitsime. MBA imakuyendetsani m'zipinda zonse za kampani: ndalama, malonda, kasamalidwe ka antchito, kagulidwe ndi kasungidwe ka katundu, malamulo a bizinesi, ndi mapulani a zaka za kutsogolo. Cholinga chake n'chakuti munthu amene wakhala akudziwa chipinda chimodzi athe kuyang'anira nyumba yonse.

Mukamva kuti Executive MBA, dziwani kuti ndi yokonzera anthu amene ali kale pa maudindo ndipo sangasiye ntchito. Makalasi amakhala madzulo, Loweruka ndi Lamlungu, kapena masiku angapo otsatizana pakapita nthawi. Kuno kwathu zimatenga zaka ziwiri kapena kuposerapo, ndipo kumapeto mumalemba kafukufuku.

Ngati mtima wanu uli pa kuphunzitsa ku yunivesite kapena kudzachita PhD, khalani pansi kaye. Masters ya kafukufuku pa phunziro lanu lomwelo ingakufikitseni kumeneko msanga kuposa MBA.

Digiri yanga si ya bizinesi. Andilandira?

Eya. M'kalasi mwathu munali anamwino, mainjiniya, aphunzitsi, m'busa mmodzi ndi mayi wina amene anaphunzira za nsomba ku Bunda. Chimene mukonzekere ndi masamu a ndalama. Amene sanaonepo balance sheet amavutika m'miyezi yoyambirira, ndiye pemphani mnzanu wa ku akaunti akuphunzitseni kuwerenga malipoti a ndalama makalasi asanayambe. Phunziraninso Excel mpaka dzanja lizolowere.

Ndangomaliza kumene digiri ndipo ntchito sinapezeke. Bwanji ndingopitiriza ndi MBA?

Funso limeneli limandikhudza, chifukwa ndikudziwa mmene zimawawira kukhala pakhomo ndi digiri, makolo akukuyang'ana. Koma yankho langa ndi lakuti dikirani. Sukulu zambiri zimafuna kuti munthu akhale atagwira ntchito zaka ziwiri kapena zitatu atamaliza digiri yoyamba, ndipo za Executive MBA zimafuna zoposa pamenepo. Bungwe la AMBA la ku Britain, limene limayendera ndi kuvomereza mapulogalamu a MBA m'mayiko ambiri, limafuna zaka zosachepera zitatu.

Si nkhanza ayi. M'kalasi ya MBA theka la maphunziro limachokera kwa anzanu. Mphunzitsi akafunsa kuti munatani pamene wantchito wanu wodalirika anayamba kuba, amene sanayang'anirepo munthu amangokhala chete, n'kumalemba zimene ena akunena. Walipira fizi yofanana ndi anzake koma akutenga theka. Kenako akamaliza amapezeka ali pakati: ntchito zoyambira amamuona ngati wophunzira mopitirira, ntchito za umanijala amamufunsa zaka zimene wagwira.

Ndipo mawu oti ntchito musawamve mopapatiza. Ngati mwayendetsa shopu ya zipangizo zomangira ku Namwera kwa zaka zitatu, muli ndi antchito, mumalemba mabuku ndi kulipira msonkho ku MRA, imeneyo ndi ntchito. Chofunika ndi umboni: satifiketi yolembetsera bizinesi, TPIN (nambala yanu ya wolipira msonkho), masitetimenti a kubanki.

Ndilibe digiri, koma ndili ndi ACCA, ICAM kapena dipuloma ndi zaka zambiri pa ntchito. Pali mwayi?

Pa ACCA, CIMA kapena ICAM yomaliza, amene ndi mapepala a ukatswiri wa akaunti, mwayi ulipo, chifukwa sukulu zambiri zimawerengera mapepala amenewa ngati ofanana ndi digiri. Pa dipuloma yokha ndi povuta. Sukulu zina zimayamba zakulowetsani mu postgraduate diploma, mukakhoza ndiye mumapitirira. Lembani kalata ku ofesi ya registrar mufunse, ndipo yankho likhale lolembedwa. Mawu a pafoni sadzakuthandizani tsiku limene adzati simunayenere kulowa.

M'Malawi muno ndingaphunzire kuti?

Imene anthu ambiri a chigawo chino amayamba kuiganizira ndi MUBAS ku Blantyre, imene kale inali Polytechnic isanachoke pansi pa University of Malawi mu 2021. Ili ndi Executive MBA. Palinso ESAMI, sukulu ya kayendetsedwe ka ntchito ya mayiko a kum'mawa ndi kumwera kwa Africa, imene likulu lake lili ku Arusha m'dziko la Tanzania ndipo ili ndi ofesi ku Lilongwe. Malawi School of Government, imene inabadwa ataphatikiza Malawi Institute of Management (MIM) ya ku Kanengo ndi Staff Development Institute ya ku Mpemba, imaphunzitsa za utsogoleri ndi kayendetsedwe ka ntchito, ndipo anthu a m'boma aziiyang'ana. Unicaf ya ku Lilongwe imaphunzitsa kudzera pa intaneti. Amene bizinesi yawo ndi ya ulimi kapena nsomba asaiwale LUANAR, komwe kuli maphunziro a agribusiness. Kuno ku Mangochi tili ndi yunivesite ya DMI St John the Baptist, ndipo ndi pamene mungakafunse za maphunziro a bizinesi osakwera basi.

Sindikuuzani kuti yabwino koposa ndi iti. Ndikuuzani chochita: pezani anthu awiri amene anamaliza pa sukuluyo posachedwa, muwafunse kuti anatenga zaka zingati kuchokera tsiku loyamba kufika tsiku lovala gauni. Funsaninso kuti wowayang'anira pa kafukufuku ankabweza mapepala patapita nthawi yaitali bwanji. Anthu ambiri sagwa pa mayeso. Amatsakamira pa kafukufuku, chaka n'kutha, china n'kutha, fizi ikuwerengedwabe.

Ndingadziwe bwanji kuti sukulu ndi yovomerezeka?

Apa ndiye pamene musachite ulesi. Bungwe loona zimenezi ndi National Council for Higher Education, NCHE, limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la mu 2011 ndipo lili ku Lilongwe. Limatulutsa mndandanda wa sukulu ndi mapulogalamu ovomerezeka. Taonani kuti ndati sukulu ndi mapulogalamu. Izi ndi zinthu ziwiri. Sukulu itha kukhala yolembetsedwa, digiri yake ina n'kukhala yovomerezeka, koma MBA yake ayi. Fufuzani dzina lenileni la pulogalamu imene mukufuna, pa kampasi imene mukaphunzireyo.

Mnzanga wina analipira chaka chathunthu ku sukulu ina ya pa intaneti imene anaiona pa Facebook. Zithunzi zake zinali za nyumba zazitali ndi ophunzira oseka. Atafunsa kuntchito kwawo ngati pepalalo lidzawerengedwe pokweza anthu, anamuuza kuti ayi. Chikomekome cha mkuyu. Ndalama zija zinali za ngongole ya ku SACCO, ndipo anapitiriza kubweza kwa miyezi yambiri alibe kanthu m'manja. Ndikamulemba pano mtima umandipwetekabe, chifukwa ndi mayi wolimbikira ndipo kufunsa kumodzi kukanamupulumutsa.

Sukulu ikakhala ya kunja, onani ngati ili yovomerezeka ndi boma la dziko lakelo, kenako funsani a NCHE ngati adzalizindikire pepalalo mukadzabwera nalo. Mukaona zilembo za AACSB, AMBA kapena EQUIS, amenewo ndi mabungwe atatu odziwika oyendera sukulu za bizinesi, koma musakhulupirire chizindikiro chimene sukulu yadziikira yokha. Pitani pa tsamba la bungwelo mukaone ngati dzina la sukuluyo lilipodi. Ndipo aliyense wokulonjezani MBA ya miyezi itatu yopanda mayeso, muthaweni.

Ndisonkhanitse mapepala ati?

Fomu yodzaza bwino, satifiketi ya digiri, transcript (pepala la ku yunivesite losonyeza magiredi anu onse), satifiketi ya MSCE ngati afuna, CV, makalata a anthu okuchitirani umboni, kope la chiphaso cha unzika kapena pasipoti, zithunzi, ndi silipi ya kubanki yosonyeza kuti mwalipira ndalama ya fomu. Ndalama imeneyi sibwezedwa. Pa silipi lembani dzina lanu monga lilili pa fomu, ndipo muijambule pafoni musanaitumize. Makope onse akadindidwe ndi commissioner for oaths, kaya ndi loya kaya kukhoti, ndipo popita tengani mapepala enieniwo kuti akayerekeze.

Chimene chimachedwetsa anthu ndi transcript. Ine ndinaipempha patatsala milungu itatu kuti atseke, ndikuganiza kuti ndi nkhani ya tsiku limodzi. Ndinayenda maulendo awiri kuchokera kuno, ulendo woyamba n'kupeza kuti wosayina kulibe, wachiwiri n'kupeza kuti chaka changa chachitatu sichikuoneka m'kompyuta. Ndinaitenga tsiku lomaliza, masana, n'kuthamanga nayo. Inu ipempheni miyezi itatu nthawi isanakwane, ngakhale musanasankhe sukulu.

China ndi maina. Kuno ambiri tili ndi dzina lina pa MSCE, lina pa digiri, lina pa chiphaso. Pena ndi kalembedwe chabe, pena ndi dzina la bambo limene linalowa m'malo mwa la agogo, pena ndi dzina la ukwati. Ngati maina akusiyana, kalumbireni affidavit yofotokoza kuti munthuyo ndi mmodzi, muiphatikize pa fomu asanakufunseni.

Akuti ndilembe kalata yofotokoza chifukwa chimene ndikufunira MBA. Ndilembemo chiyani?

Pa mafunso onse, ili ndi limene ndikufuna mulimvetse. Magiredi anu simungawasinthe, zaka za ntchito simungaziwonjezere usiku umodzi, koma kalatayi ili m'manja mwanu.

Ndawerenga makalata ambiri a anthu opempha kuti ndiwaonere. Pafupifupi onse amayamba mofanana: kuyambira ndili mwana ndakhala ndikukonda bizinesi, ndikufuna kuthandiza pa chitukuko cha dziko, sukulu yanu ndi yotchuka. Wosankha ophunzira amawerenga makalata otere mulu wathunthu, ndipo akafika pa lanu sakumbukanso kuti la ndani ndi liti. Choipa kwambiri n'chakuti olembawo ali ndi nkhani zenizeni, koma amazibisa poganiza kuti za ku Mangochi ndi zazing'ono, zoyenera kulembedwa ndi za makampani a ku Victoria Avenue ndi ku City Centre.

Mchimwene wina amene amayang'anira gulu la ogulitsa nsomba ku Makawa anandibweretsera kalata yotero. Ndinaiika pambali n'kumufunsa kuti, kodi chimakusowetsani tulo n'chiyani pa ntchito yanu? Anayankhula mphindi makumi awiri osapuma. Anati usipa ukagwidwa wambiri mtengo umagwa pagombe pomwepo, chifukwa aliyense akufuna kugulitsa usanaonongeke. Nthawi ya mvula matandala sauma, nsomba zimaola zili pa thandala. Mwera ukaomba mu June ndi July maboti satuluka, nsomba zimasowa, mtengo umakwera ku Limbe ndi ku Lilongwe, koma gulu lawo limakhala lilibe kanthu kosunga. Akhala akukangana zaka ziwiri ngati atenge ngongole yomangira choumitsira cha dzuwa kapena agule galimoto, ndipo palibe amene amadziwa kuwerengera kuti chidzabweze ndalama msanga ndi chiti. Atamaliza ndinamuuza kuti, achimwene, kalata yanu ndi imeneyo. Lembani zimenezo.

Ine ndinalemba za loji yathu: mmene imadzazira nthawi ya misonkhano n'kukhala mbee nthawi ya dzinja, pomwe malipiro a antchito safuna kudziwa za nyengo, mmene ochititsa misonkhano ena amalipirira patapita miyezi, ife titagula kale chambo, mpunga ndi dizilo wa jenereta ndi ndalama zathu. Ndinalemba kuti ndimadziwa kulemba zimene zachitika kale, koma sindidziwa kulangiza eni ake pa zimene zikubwera, ndipo ndi zimene ndikufuna kuphunzira.

Kalata yabwino imasonyeza chimene mwachita, ndi manambala ngati alipo: munayang'anira anthu angati, bajeti ya ndalama zingati, chinasintha n'chiyani inu mutafika. Imasonyeza pamene nzeru zanu zathera. Imatchula maphunziro a m'pulogalamu imeneyo amene akuyankha vuto lanulo, kusonyeza kuti munawerenga ndandanda yawo. Ndipo imanena kumene mukufuna kukhala mukamaliza, mosakokomeza. Musapitirire chiwerengero cha mawu chimene apereka.

Pa zolembetsa kwa munthu wina kapena kwa ChatGPT, langizo langa ndi lakuti musatero. Munthu akuonereni Chingerezi, inde, koma nkhani ikhale yanu. Pa intavyu adzakufunsani za m'kalatamo, ndipo zimaoneka msanga munthu akamafotokoza moyo umene sanaukhale.

Ndipemphe ndani kuti andichitire umboni?

Munthu amene anakuonani mukugwira ntchito. Kalata ya bwana wanu wa tsiku ndi tsiku, yonena kuti munakonza kasungidwe ka katundu m'sitolo mpaka kuba kunachepa, imaposa kalata ya phungu kapena mkulu wa bungwe amene amangodziwa kuti ndinu mwana wa uje. Sukulu zambiri zimafuna awiri kapena atatu, mmodzi wa ku yunivesite kumene munaphunzira. Ngati papita zaka, mphunzitsiyo mukumbutseni: mutumizireni transcript, CV ndi mutu wa kafukufuku amene munalemba. Apatseni mwezi wathunthu, ndipo muziwakumbutsa mwaulemu, chifukwa mafomu ambiri amakanidwa kaamba ka kalata imodzi imene sinafike. Wachibale ayi.

Ndikumva za GMAT ndi IELTS. Ndiyenera kulemba?

Sukulu za m'Malawi muno kawirikawiri sizifuna mayeso amenewa. Zina zimakhala ndi intavyu kapena mayeso awoawo olowera. GMAT, mayeso olowera ku sukulu za bizinesi, imafunika mukamafunsira ku sukulu zambiri za ku Ulaya, ku America ndi zina za ku South Africa.

GMAT inasintha kumapeto kwa 2023, ndiye samalani ndi mabuku akale amene amayenda m'manja. Ya tsopano ili ndi zigawo zitatu, chilichonse cha mphindi 45: masamu, kumvetsa ndi kusanthula zolembedwa m'Chingerezi, ndi kutanthauzira manambala a m'matebulo ndi m'magirafu. Mafunso onse ndi 64, ndipo malikisi amayambira pa 205 kufika pa 805. Zotsatira zimagwira ntchito zaka zisanu. Masamu ake ndi a ku sekondale, koma nthawi ndi yochepa ndipo ukamakhoza mafunso amanka navuta. Konzekerani kwa miyezi itatu kapena inayi, ola limodzi kapena awiri tsiku lililonse, mukudziyesa ndi wotchi. Sukulu zambiri zimalandiranso mayeso ena olowera otchedwa GRE m'malo mwake. Ilipo njira yolembera pa intaneti muli kunyumba, koma imafuna kamera, chipinda chopanda phokoso ndi netiweki yosadukaduka kwa maola oposa awiri. Magetsi akathima pakati pa mayeso mwataya madola, choncho pezani malo a jenereta kapena sola.

IELTS ndi mayeso a Chingerezi, ndipo amalembetsa a British Council ku Lilongwe. Malikisi amafika pa 9, ndipo sukulu zambiri za bizinesi zimafuna 6.5 kapena 7. Zotsatira zimatha mphamvu pakapita zaka ziwiri, ndiye musafulumire kulemba. Musanalipire, funsani ngati sukuluyo ingalandire kalata ya ku yunivesite yanu yotsimikiza kuti munaphunzira m'Chingerezi. Zina zimalola.

Ndili ndi abale ku Joni amene angandisunge. Nanga kukaphunzira kumeneko?

Kwa ife a ku Mangochi funso limeneli ndi lachibadwa, pakuti ndi mudzi uti umene ulibe mwana ku Johannesburg, ku Durban kapena ku Cape Town? Sukulu zabwino ziliko: Graduate School of Business ya University of Cape Town, Stellenbosch Business School, Wits Business School, ndi GIBS ya University of Pretoria imene ili ku Johannesburg.

Koma dziwani izi. Mapepala anu ayenera kuyamba aunikidwa ndi bungwe la SAQA, limene limanena kuti digiri yanu ikugwera pa mlingo uti wa dziko lawo, ndipo zimenezi zimatenga nthawi. Kuyambira mu 2016, wolowa MBA kumeneko amafunika pepala la pa mlingo wa NQF 8, kutanthauza honours kapena postgraduate diploma. SAQA ikaika digiri yanu pa 7, mudzayamba mwachita dipuloma ija, chimene ndi chaka china ndi fizi ina. Mudzafunikanso viza ya maphunziro ndi inshulansi ya zachipatala yovomerezeka kumeneko. Pepala la masiku ochepa limene amadinda pa boda silikulolani kuphunzira. Malo ogona kwa achibale amathandiza, koma ndi gawo laling'ono la ndalama zonse.

Ndalama ndizipeza kuti?

Ambiri a ife tinalipira tokha, pang'onopang'ono: malipiro, ngongole ya ku SACCO kapena kubanki, banki m'khonde, ena kugulitsa puloti. Ngongole za boma za ophunzira zimene timazidziwa zimathandiza makamaka a digiri yoyamba, ndiye musawerengere zimenezo. Funsani ngati sukulu imalola kulipira m'zigawo, ndipo funsani chimene chimachitika mukachedwa: ena sakulolani kulemba mayeso.

Powerengera musaone fizi yokha. Ikanipo thiransipoti, malo ogona, chakudya, mabandulo a intaneti, laputopu, kusindikiza, ndi ndalama za kafukufuku. Kwa ine zapambalizi zinatsala pang'ono kufanana ndi fizi.

Fizi ikakhala ya madola, chenjerani kawiri. Mu November 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti, dola imodzi kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700 kubanki. Amene ankalipira m'madola anadzuka m'mawa ngongole yawo itakula, malipiro ali omwe aja. Kuwonjezera apo, kupeza madolawo kubanki kuti utumize fizi kumafuna kudikira. Funsani ngati amalola kulipira m'makwacha, ndiponso ngati mtengo umene mwayamba nawo udzakhale womwewo mpaka kumaliza.

Pa masikolashipu, odziwika kwambiri ndi Chevening ya boma la Britain. Imalipirira masters ya chaka chimodzi, imatsegula mafomu mu August, imafuna kuti mukhale mutagwira ntchito zaka ziwiri, zimene amaziwerengera ngati maola 2,800, musankhe makosi atatu, ndipo mulonjeze kubwerera kwanu kwa zaka ziwiri mukamaliza. Osankhidwa amakachita intavyu ku ofesi ya kazembe wa Britain ku Lilongwe. Chimene ambiri sadziwa n'chakuti pa MBA Chevening ili ndi malire a fizi imene imalipira, yotsalayo mumapeza nokha, ndipo MBA ya ku Britain ndi yodula. N'chifukwa chake ena amasankha masters ya finance kapena ya management m'malo mwa MBA. Palinso Fulbright ya ku America, Commonwealth, ndi Beit Trust imene imathandiza anthu a ku Malawi, Zambia ndi Zimbabwe. Iliyonse werengani bwino ngati kosi imene mukufunayo ili m'gulu la zimene amalipirira. Sikolashipu yeniyeni siyitanitsa ndalama pa Airtel Money kapena pa Mpamba kuti dzina lanu lilowe.

Abwana ndiwauze liti?

Musanatumize fomu. Mudzafuna kalata yawo, mudzafuna kumachoka Lachisanu masana, ndipo nthawi ya mayeso mudzafuna masiku. Bwana amene wamva kwa ena kuti muli pa sukulu amaganiza kuti mukukonzekera kuthawa. Pitani ndi pulani: masiku amene muzichoka, amene azigwira ntchito yanu, ndi vuto la pakampanipo limene mukufuna kudzalembapo kafukufuku. Akavomera kukulipirirani, nthawi zambiri pamakhala mgwirizano woti mudzagwire zaka zakutizakuti mukamaliza. Uwerengeni wonse musanasayine, makamaka ndime yonena zimene mudzabweze mukachoka msanga kapena mukalephera. A m'boma tsatirani ndondomeko ya tchuthi cha maphunziro kudzera kwa akuluakulu a nthambi yanu, chilolezo chikhale pa pepala.

Kuchokera ku Mangochi, ndi bwino kumayenda kapena kuphunzira pa intaneti?

Kuchokera ku Boma kukafika ku Blantyre ndi makilomita pafupifupi 190 pa msewu wa M3, kudutsa Ulongwe, Liwonde ndi Zomba. Pa minibasi, ndi kuimaima kuja, werengerani maola anayi kapena kuposa. Ine ndinkanyamuka Lachisanu cha m'ma 1 koloko, dzuwa la ku Mangochi lili paliwombo, laputopu pamiyendo, n'kumawerenga manotsi pafoni mpaka batire kutha cha ku Domasi. Lamlungu ndinkafika kunyumba usiku, Lolemba 7 koloko ndili pa desiki. Opita ku Lilongwe amadzera ku Golomoti n'kukwera Khwekhwerere, ndipo nawonso ndi ulendo wotopetsa. Kwa amene ali ku Makanjira kapena ku Chembe, onjezerani ulendo wofika pa msewu waukulu.

Ngakhale zili choncho, sindinong'oneza bondo. Anthu amene ndinkakhala nawo pa gulu, tikudya chipisi usiku n'kumakangana za asayimenti, ndi amene lero ndimawaimbira ndikafuna wodziwa za msonkho kapena za inshulansi. Pa intaneti zimenezi zimachepa. Koma kwa mayi woyamwitsa, kapena munthu amene ntchito yake imachuluka Loweruka ngati ife a m'maloji, intaneti ikhoza kukhala njira yokhayo, ndipo palibe chochititsa manyazi. Imangofuna munthu wodziletsa, chifukwa palibe amene adzakufunseni kuti bwanji simunabwere.

Kaya musankha iti, pemphani ndandanda ya makalasi musanalipire. Amene amapita kumzikiti Lachisanu ndi amene amapemphera Loweruka aone msanga ngati pali kuwombana, akambirane ndi sukulu zinthu zisanayambe.

Pa intavyu amafunsa chiyani?

Zimene munalemba m'kalata, chifukwa chimene mwasankhira sukulu yawo, nthawi imene munatsogolera anthu zinthu zitavuta, ndi mmene mudzalipirire. Nthawi zina amafunsa za chuma cha dziko, ndiye muziwerenga masamba a bizinesi a The Nation ndi The Daily Times, mudziwe mmene mitengo ikukwerera ndi chiwongoladzanja chimene Reserve Bank yaika. Akakufunsani za pamene munalephera, nenani zoona ndi chimene munasintha pambuyo pake. Ikakhala ya pa Zoom, yesani netiweki dzulo lake pa ola lomwelo, ndipo khalani ndi simu ya kampani ina pambali.

Ndili pabanja, ndili ndi ana aang'ono. Ndikwanitsa?

Ndinayamba mwana wanga wachiwiri ali ndi zaka zitatu. Mukwanitsa ngati a kunyumba avomera ndi mtima wonse, osati ndi pakamwa pokha. Khalani pansi ndi amuna anu kapena akazi anu, muwaonetse ndalama zimene zizichoka mwezi uliwonse ndi masabata amene simudzakhalapo. Auzeninso makolo ndi apongozi, chifukwa mudzaphonya zinkhoswe, maukwati ndi masadaka, ndipo kuno munthu wosaoneka pa zochitika amanenedwa. Mayi anga anabwera kuchokera ku Malindi kudzakhala nafe miyezi ya mayeso. Popanda iwo sindikanamaliza.

Ndikamaliza, malipiro akwera?

Osati okha. Pepala limakutsegulirani mwayi wofunsira maudindo amene chilengezo chake chimati masters ikufunika, ndipo limakupatsani mawu pa tebulo la akuluakulu. Koma ndikudziwa anthu amene ali ndi MBA ndipo ali pa mpando womwe uja. Amene ndawaona akusuntha ndi amene anayamba kugwiritsa ntchito zimene akuphunzira adakali m'kalasi, mpaka abwana kuona kusintha gauni isanavalidwe.

Andilandira, koma ndalama sizinakwane. Malo anga atayika?

Musangokhala chete. Lembani kalata kwa registrar tsiku lolembetsa lisanafike, muthokoze, mufotokoze vuto lanu mwachidule, ndipo mupemphe kuti akusungireni malo mpaka gulu lotsatira. Sukulu zambiri zimalola kamodzi. M'kalatamo funsani ngati mudzalipire fizi ya chaka chino kapena ya chaka chimene mudzayambe, ndiponso ngati padzafunike fomu ina. Akayankha, sindikizani yankholo muliike mu fayilo limodzi ndi kalata yokulandirani, pamodzi ndi makope odinda aja, chifukwa chaka chamawa pa desikipo pakhoza kudzakhala munthu wina amene sakukudziwani.